Momwe mungasandutsire shelefu ya mabokosi kukhala mosungira ulusi, zitenje ndi mikanda

Shelefu imene ndimasungiramo zipangizo zanga sinapangidwire ntchito imeneyi. Ndinaigula kwa banja lina limene linkasamuka ku Namiwawa, ndipo kwa iwo inali ya mabuku: mabokosi asanu ndi atatu a chipibodi, thabwa lija la utuchi wopanikiza, lililonse loima palokha, oti mukhoza kuwasanjikiza kupita m'mwamba kapena kuwandandalika m'mbali mwa khoma ngati benchi. Itafika kunyumba yanga ya lendi ku Chilomoni inangosanduka posungira mbale za alendo ndi wailesi yakufa. Pamenepo n'kuti ulusi, wulu, mikanda ndi zidutswa za zitenje zili m'majumbo ndi m'sutikesi kunsi kwa bedi. Tsiku lina ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kukagula zipi yakuda ya masentimita 20, pobwerako n'kupeza mazipi anayi otero atabisala m'jumbo ya mabatani. Ya thiransipoti inaposa mtengo wa zipiyo kutalitali. Loweruka lotsatira mbale zinasamuka.

Malangizo awa ndi a shelefu iliyonse yophwasuka ndi kulumikizika m'magawo: ya mabokosi ngati yanga, ya zitsulo zobowolabowola zomanga ndi mabawuti ngati zija timaziona m'magolosale, kapena ya pulasitiki yolowetsana mapaipi imene imapezeka m'mashopu a ku Limbe. Ambiri timalakwitsa poyambira kwa kalipentala. Timangomuuza kuti aikemo mashelefu ena atatu, iye n'kugawa mofanana bwinobwino, kenako tizipeza kuti ulusi wa koni sukulowa chiimire, pomwe pamwamba pa timabotolo ta mikanda patsala mpata woti mphaka n'kugonapo. Katundu ndiye ayenera kulamula shelefu. Choncho sowo ndi hamala ziyambe zadikira.

Choyamba: khuthulani zonse pansi

Sankhani tsiku lopanda alendo. Yalani nsalu ya pabedi yoyera kuti singano ikagwa ioneke, n'kukhuthulirapo chilichonse, ngakhale za m'thumba la chikwama chopita nacho kutchalitchi, poti kumenekonso kumabisala mapini. Patulani potengera mtundu: ulusi pawokha, wulu pawokha, nsalu, mikanda, mabatani ndi mazipi, maliboni ndi lesi, guluu ndi penti. Mukatero mulu uliwonse muugawenso patatu. Pali zimene dzanja limafuna tsiku ndi tsiku, monga sizasi, tepi, choko, mapini, ulusi wakuda ndi woyera. Pali zimene mumagwira mwina kamodzi pa sabata. Ndiye pali zimene zimatuluka nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe yokha, kapena sukulu zikamatsegulira mu Seputembala. Kugawa kwachiwiriku ndi kumene kudzakuuzeni malo a chinthu chilichonse: za tsiku ndi tsiku pakati pa chiuno ndi phewa, zolemera pansi, zopepuka za kamodzikamodzi pamwamba.

Limbaninso mtima n'kutaya. Ulusi wakale muukoke ndi manja awiri. Ukangoti phuthu osakana n'komwe, wavunda, ndipo ukadzausokera udzakuchititsani manyazi pa diresi la mwini. Lastiki yoti mukaikoka ikulira kuti thethethe osabwerera yatha ntchito. Guluu wouma sadzukanso. Tizidutswa ta nsalu tochepera chikhatho tilowe m'thumba limodzi, tidzakhala tofutukulira mapilo kapena tolukira chopondera pakhomo, koma pashelefu tilibe malo.

Chachiwiri: pimani katundu, kenako shelefu

Tengani tepi ndi kope. Lembani kutalika kwa koni ya ulusi yaitali kuposa zonse, kwa botolo limene mukufuna kusungiramo mikanda, kwa singano zolukira, ndi kukula kwa mapepala a mapatani. Pa muyeso uliwonse wonjezani masentimita 3 oti zala zilowe. Mpata umenewu ukapanda kukhalapo, botolo mumachita kulikoka ndi chikhadabo, ndipo pakapita sabata mumaleka kulibwezera pamalo pake.

Kenako pimani m'kati mwa bokosi lililonse, osati kunja. Anga ndi masentimita 33 mulifupi, 33 m'mwamba ndi 35 kulowa m'kati, thabwa lake ndi la mamilimita 16. Musakhulupirire kuti onse ndi ofanana chifukwa akuoneka ofanana. Awiri mwa anga anapezeka ochepa ndi mamilimita 3. Alembeni manambala kumbuyo ndi pensulo. Pimaninso khoma limene shelefu idzaimepo, osaiwala pofikira chitseko chikatseguka chonse.

Ine ndinasanja motere: mabokosi asanu ndi limodzi pansi, atatu m'litali ndi awiri m'mwamba, ndipo awiri otsalawo ndinawasanjikiza kumapeto kumene kuli kona. Pamwamba pa enawo panatsala malo oposa masentimita 70 oti n'kuikapo ntchito, ndipo ndi miyendo imene tikambe kutsogoloku amafika pa masentimita 82 kuchokera pansi, msinkhu woti munthu ukhoza kulemba choko pansalu uli chiimire osapweteka msana. Jambulani zanu pakope kawiri kapena katatu musanakhudze thabwa. Pepala silidandaula likafufutidwa.

Chachitatu: ionetsetseni shelefuyo

Chipibodi ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu. Ikamwa madzi imafufuma ngati mtanda wa mandasi ndipo sibwereranso. Yang'anani m'mphepete mwa pansi. Bokosi lofufuma likhale la pamwamba, losunga zopepuka. Ngati shelefu ndi ya thabwa lenileni, paini kapena mbawa, gogodani ndi chala: pakamveka ngati ng'oma, kapena pansi pakamagwa kaufa kosalala, ndiye kuti lafumbwa, ndipo lisalowe m'chipinda cha nsalu lisanathiridwe mankhwala. Ya zitsulo ipaleni dzimbiri ndi sandipepa n'kuipaka penti ya mafuta, chifukwa banga la dzimbiri pa nsalu yoyera ndi la muyaya. Ya pulasitiki ndi ya wulu ndi maliboni basi. Makina osokera kapena mulu wa zitenje ungaikhotetse mwezi usanathe.

Chachinayi: miyendo, ndi mpata kumbuyo

Gawo ili ambiri amalidumpha chifukwa silioneka, koma kuno ku Blantyre ndiye lofunika kuposa ena onse. Tili ndi mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye ikangotha pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kamawawa ndi nkhungu kamene kanatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni chikakhazikika masiku atatu, zovala sizikuuma, makoma akuzizira ngati mtsuko, nsapato za chikopa zayamba chuku. Shelefu yotsamira khoma lakunja imamwa chinyontho chimenecho, n'kuchipatsira nsalu. Pansi pakenso pali mdani wa tsiku ndi tsiku: chikolopa.

Choncho sankhani khoma la m'kati mwa nyumba ngati lilipo, kutali ndi bafa ndi zenera lolowa dzuwa. Kenako pangani chimango chokhalapo shelefu ndi matabwa aja akalipentala amati 2 by 4, oimiritsa cham'mbali kuti shelefu ikwere pafupifupi masentimita 10. Chimangocho chikhale chochepera mabokosi ndi masentimita 3 kutsogolo kuti zala za kumapazi zisamagunde. Chipakeni penti ya mafuta mbali zonse, makamaka kumapeto kodulidwa. Ena angakuuzeni kuti mupake oyilo wakutha wa galimoto pothamangitsa chiswe. Pa mtengo wa khola la nkhuku zimenezo n'zabwino, koma fungo lake likalowa m'chitenje cha kasitomala mudzachapa mpaka manja kusupuka. Kunsi kwa chimango khomerani tizidutswa ta patapata wakutha kuti thabwa lisakhudze simenti.

Kumbuyo siyani mpata wa masentimita 3 mpaka 5 pakati pa shelefu ndi khoma kuti mpweya uziyenda. Mpata womwewo ndi umene mudzaunikemo ndi tochi kamodzi pamwezi kuona ngati chiswe chayamba kumanga tinjira take ta dothi.

Chachisanu: lumikizani mabokosi, muwamangirire kukhoma

Mabokosi ongosanjikiza amasuntha pang'onopang'ono mukamakoka zinthu. Alumikizeni. Matabwa awiri a mamilimita 16 akagundana amakwana 32, ndiye sikuluwu yoposa mamilimita 30 itulukira mbali inayo n'kudikira kung'amba nsalu kapena chala. Koma pa chipibodi ine ndimakonda mabawuti a mamilimita 6 kunenepa ndi 40 kutalika, okhala ndi mawashala mbali zonse. Sikuluwu mu chipibodi imagwira kamodzi kokha. Mukaimasula posamuka, bowo limasanduka ufa. Bawuti mukhoza kumasula ndi kumanga kambirimbiri, ndipo ife a lendi tikudziwa kuti kusamuka sikuchenjeza. Mabawuti awiri pa malo aliwonse ogundana akwanira, limodzi chakutsogolo, lina chakumbuyo, masentimita 5 kuchokera m'mphepete. Wina agwire mabokosiwo mofanana kuti nga pamene mukubowola, ndipo kumene biti, kachitsulo kobowolera kaja, itulukire tsamiritsaniko kathabwa kuti chipibodi isanyotsoke.

Ngati mabokosi alibe chotseka kumbuyo, khomerani hadibodi kapena pulayiwudi yopyapyala. Imatchinga mikanda kuti isagwere kuseri, komanso ndi imene imaletsa shelefu kugwedera cham'mbali. Musanakhome, pimani kuchokera pa kona ya kumwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikafanana, bokosi lawongoka. Ikasiyana, kankhani kona yotalikayo mpaka ifanane. Mukatha bowolani timabowo tingapo pa hadibodiyo kuti mpweya uzidutsa.

Tsopano khoma. Shelefu iliyonse yopitirira chiuno imangiriridwe, makamaka m'nyumba muli ana, chifukwa kwa mwana wa zaka zitatu mabokosi osanjikiza ndi makwerero. Mabulaketi awiri okhota ngati L akwanira pamwamba pa gawo lalitalilo. Pa khoma la njerwa zowotcha kapena mabuloko a simenti bowolani ndi biti ya pakhoma ya mamilimita 6, lowetsani pulagi ya pulasitiki ya muyeso womwewo, n'kumanga sikuluwu ya mamilimita 50. Musabowole molunjika pamwamba, pansi kapena m'mbali mwa soketi kapena switchi, chifukwa mawaya amagetsi amadutsa m'mizere imeneyo. Pakati pa shelefu ndi khoma ikanipo kathabwa kosunga mpata uja.

Nyumba zambiri za ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe ndi za zidina zopakidwa pulasitala. Mukabowola n'kuona kuti fumbi lotuluka ndi dothi lofewa ndipo biti ikungolowa ngati mu mbatata yophika, lekani. Pulagi singagwire mmenemo, ndipo bulaketi yonamizira ndi yoopsa kuposa kupanda bulaketi. Zikatero musasanjikize kuposa mabokosi awiri. Shelefu ikhale yaifupi, yotambalala. Eni nyumba auzeni musanabowole. Anga anayamba akana, koma nditawaonetsa kuti ndi timabowo tiwiri toti pensulo siingalowe n'komwe ndipo ndidzatseka potuluka, anangoti, "Chabwino mayi, bola musandigwetsere khoma."

Chachisanu ndi chimodzi: gawani m'kati

Apa tsopano mukhoza kupita kwa kalipentala, mutanyamula kope lija. Pulayiwudi ndi bulokubodi, monga za Raiply ya ku Chikangawa, zimagulitsidwa m'mabolodi a masentimita 244 ndi 122, koma ntchito iyi siifuna bolodi lathunthu. Chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe amene amagula bolodi lonse chifukwa cha timashelefu tinayi. Akalipentala a ku Ndirande ndi kumsika wa Limbe amakhala ndi zotsalira, ndipo chidutswa cha masentimita 33 kwa iwo ndi nkhuni. Auzeni adule thabwa lililonse mochepera ndi mamilimita 2 pa muyeso wa m'kati mwa bokosi. Amene anandidulira ine anaseka: "Amayi, mamilimita awiri n'chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Achimwene, amenewo ndi amene andipulumutse kuti ndisabwerenso kuno nditasenza thabwa." Lothina limakakamira, ndipo mukalimenya ndi hamala limatsegula makona a bokosi.

Wina akakutsatsani thabwa la mkungudza wa ku Mulanje n'kumati fungo lake limathamangitsa njenjete, kanani. Ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo kuudula n'koletsedwa.

Njira zokhazikira kashelefu m'kati mwa bokosi zilipo ziwiri. Mashelefu ambiri a kufakitale amabwera ndi mzere wa timabowo ta mamilimita 5 totalikirana mamilimita 32. Mumangogula timapini tinayi, n'kusanjikapo thabwa pa msinkhu umene mukufuna. Ngati timabowo mulibe, khomerani timitengo tiwiri tating'ono m'mbali, kumanzere ndi kumanja, ndi guluu woyera wa matabwa ndi masikuluwu a mamilimita 25. Kuti mbali ziwirizo zifanane musavutike ndi tepi: dulani katoni pa msinkhu umene mukufuna, iimikeni m'kati, lembani mzere pamwamba pake, kenako muisamutsire mbali inayo. Thabwalo lingokhala pamwamba osakhomera, kuti mawa mukasintha maganizo lichoke.

M'bokosi la masentimita 33, pulayiwudi ya mamilimita 9 ikwanira pafupifupi chilichonse. Vuto limabwera pa mashelefu aatali. Thabwa likatalika kawiri, katundu ali yemweyo, kupindika kwake sikuwirikiza kawiri koma kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake shelefu ya chipibodi ya mita imodzi imagwa mimba ikangosenza zitenje. Ikaposa masentimita 60 ikani chochirikiza pakati, kapena khomerani kamtengo choimirira m'mphepete mwa kutsogolo.

Chachisanu ndi chiwiri: chilichonse pamalo pake

Ulusi ndiwo unandivuta kwambiri. Bokosi ndi lakuya, ndiye ulusi wa kumbuyo suoneka, ndipo chimene sichioneka umakagulanso. Ndinapanga masitepe atatu ngati masitandi a pa Kamuzu Stadium: sitepe iliyonse masentimita 10 kulowa m'kati, kukwera masentimita 6. Pa sitepe iliyonse ndinabowola timabowo totalikirana masentimita 5, n'kuzikamo timitengo ta nsungwi ndi kadontho ka guluu. Misomali ikanachita msanga, koma chiperoni chimodzi chokha imachita dzimbiri n'kudetsa ulusi kuyambira m'kati. Nsungwiyo isemeni mpaka bobini izilowa mosavuta, ndipo italike masentimita 8, kuti bobini ya ulusi wa mtundu umenewo izikhala pamwamba pa ulusi wake. Zimenezi zokha zinandichotsera ntchito yofunafuna bobini yofanana ndi nsalu usiku magetsi atazima. Makoni aakulu amafuna mpata wa masentimita 8 ndipo akhale sitepe ya kumbuyo. Sanjani mwa mitundu, yoyera kumanzere mpaka yakuda kumanja, kuti mtundu ukatha kamtengo kopanda kanthu kazikukumbutsani musanapite ku tauni.

Zitenje musazisanjikize mulu. Chimene mukufuna nthawi zonse chimakhala cha pansi, ndipo mukachisolola mulu wonse umagumuka. Ziimikeni ngati mabuku. Chitenje chambiri chimakhala pafupifupi masentimita 115 mulifupi. Mukachipinda pakati m'litali mwake, n'kupindanso kachiwiri, chimafika pa masentimita 29. Dulani makatoni a masentimita 30 ndi 20, kulungani nsaluyo mozungulira katoni, kumapeto n'kupanira ndi chopanira zovala cha pulasitiki, osati pini. Cha mamita awiri chimakhala chopyapyala ngati kope. Cha mayadi 6, omwe ndi pafupifupi mamita asanu ndi theka, chimanenepa ngati buku la nyimbo. Mukatsegula mumaona zonse nthawi imodzi, za kwa Mapeto kuja ambiri timakutchulabe kuti kwa David Whitehead, za ku Tanzania, za ku Zambia, chilichonse chikuonetsa msana wake. Katoni ikhale yoyera, yosasungapo chakudya. Ya sopo ndi yabwino, ya mabisiketi kapena mafuta imaitana mphemvu. Pa nsalu yodula kapena yoyera imene ikhalitse, yambani mwakuta katoniyo ndi nsalu yakutha, chifukwa katoni ikachita chinyontho imasiya mzere wachikasu. Pakona ya katoni lembanipo mamita otsala nthawi iliyonse mwadulako, ndi dzina la mwini ngati ndi ya kasitomala.

Wulu amagubuduka, ndiye amafuna zipinda zopendekera. Dulani mapulayiwudi awiri a mamilimita 6, aliyense wotalika pafupifupi masentimita 46, omwe ndi muyeso wa kona ndi kona m'bokosi la 33. Aliyense mumucheke pakati mpaka theka, n'kuwalowetsana kuti apange X. Mwapeza zipinda zinayi, ndipo wulu sagwa ngakhale mutasolola wa pansi. Wulu wambiri amene timagula ku Limbe ndi wa akiriliki, njenjete sizimudya. Mdani wake ndi fumbi. Wa ubweya weniweni wa nkhosa, monga uja timamasula ku majuzi a pa kaunjika, ndiye asungidwe m'chotengera chotseka. Timipira toyera ta mankhwala a njenjete ndi poizoni ndipo kwa mwana timaoneka ngati maswiti. M'nyumba ya ana tisapezekemo.

Mikanda, mabatani ndi timahuku zimalowa m'mabotolo oonekera a mayonezi kapena a chiponde. Sankhani a pulasitiki, poti pansi ndi pa simenti. Chivindikiro chake chimangeni kunsi kwa shelefu ndi masikuluwu awiri a mamilimita 12, botolo lizilendewera. Malo a pansi pake atsala a zina. Masikuluwuwo akhale awiri ndithu. Ine ndinayamba ndi imodzi, chivindikiro n'kumazungulira limodzi ndi botolo, mpaka tsiku lina ndinakoka mwamphamvu mikanda yofiira n'kuti mbwee chipinda chonse. Ina tikuitolabe m'ming'alu ya simenti.

Madirowa sindinagule. Zigubu za mafuta ophikira za malita 5, zodulidwa pamwamba mosiya chogwirira, zimalowa ziwiri m'bokosi limodzi moyandikana, ndipo chogwiriracho ndiye chokokera. Zitsukeni ndi madzi otentha ndi sopo katatu, ziume padzuwa tsiku lonse, apo ayi nyerere zidzakupezani. China ndi cha mazipi, omangidwa m'mitolo potengera kutalika, china cha lastiki ndi lesi. Madengu ang'onoang'ono a nsungwi kapena a mlaza amakongola kuposa zigubu ndipo amapuma, koma amakola wulu ndi lesi, choncho asokereni kansalu m'kati.

Singano ndi mapini zikhale m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi tija ta timibulu toyamwa chinyontho timene timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Wailesi yakufa ija nayo inathandiza: ndinachotsa maginito a sipikala yake n'kuwamata kunsi kwa kambale kachitsulo. Mapini amakakamira m'kambalemo ngakhale katagwa, ndipo ndikamaliza ntchito ndimakayendetsa pamwamba pa simenti kutola ogwa ana asanadutse opanda nsapato.

Maliboni alowetseni pa ndodo yopyapyala yopingasa m'bokosi, yokhala pa timitengo tiwiri tosemedwa mphako kuti izinyamuka posintha. Singano zolukira, maburashi ndi mapatani okulunga ziime m'zidutswa za paipi ya pulasitiki zotsala kwa mapulambala. Makina osokera a pamanja, aja achitsulo, amaposa makilogalamu 10, choncho malo awo ndi bokosi la pansi kapena pamwamba polunjika pomwe mabokosi awiri agundana.

Guluu, penti, vanishi ndi thinala wosungunulira penti zikhale pansi penipeni, kuti zikadontha zisadonthere nsalu, ndipo zikhale pa thireyi. Koma pansi ndi pofikira ana, ndiye bokosi limeneli lokha lipatseni chitseko cha pulayiwudi, mahinjesi awiri ndi kaloko. Thinala ndi guluu uja womatira nsapato, ngakhale mpweya wake wokha umagwira moto. Mbaula isayandikire, ndipo magetsi akazima kandulo isaikidwe pa shelefu imeneyi ngakhale kwa mphindi imodzi.

Chomaliza: katani, zizindikiro, ndi masabata awiri

Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse, ndipo dzuwa limafwifwitsa nsalu ndi kufooketsa ulusi. Kokani waya wa makatani pamwamba pa shelefu, mupachikepo chitenje. Pepala la pulasitiki ayi, limatsekera chinyontho m'kati. Dzuwa likawala pambuyo pa chiperoni, tsegulani kataniyo ndi mazenera kwa maola angapo.

Pa chigubu chilichonse matanipo tepi ya pepala n'kulembapo, koma chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi chitsanzo: zipi imodzi yakufa yomangirira pa chogwirira cha chigubu cha mazipi, kalesi pa cha lesi. Mwana amene sanayambe kuwerenga mukhoza kumutuma, akabweretsa cholondola.

Bokosi limodzi, la pa msinkhu wa dzanja, lisiyeni lopanda kanthu. Ndi la ntchito imene ili m'kati: diresi lodulidwa kale pamodzi ndi ulusi wake, zipi yake ndi kapepala ka miyeso, zonse m'thumba limodzi. Mukapanda kulisiya, ntchito yosatha idzagona pamwamba pa zonse zimene mwasanjazi.

Kenako gwirani ntchito masabata awiri musanakhomere china chilichonse. Chimene chizipezeka pampando kapena pabedi madzulo alionse ndiye kuti malo ake ali kutali, chisendezeni. Kwa ine chinali sizasi ndi tepi. Ndinazikonzera kachipinda kabwino m'kati, koma dzanja silinkafuna kutsegula katani kakhumi pa ola, ndiye ndinamanga masikuluwu atatu kunja, m'mbali mwa bokosi la pafupi ndi makina, n'kuzipachika pamenepo. Sizasi ya nsalu inakweranso kachiwiri nditapeza mwana wanga akudulira katoni ya ntchito ya kusukulu. Tsopano ili pa sikuluwu ya pamwamba penipeni, yomangidwa kansalu kofiira pachogwirira, ndipo pa sikuluwu ya pansi ndinapachikapo ina yotchipa ya kumsika, yoti aliyense m'nyumba muno atenge osapempha.